Liwu lakuti parachute: linachokera kuti, ndipo m'Chichewa tizilemba bwanji?

Mayi Nachisale, mphunzitsi, Ntcheu

Moni nonse. Ndabwera ndi funso limene landikhala pamtima kuyambira Lachiwiri. Ndinkaphunzitsa ana a Sitandade 6 za mpweya, kuti ngakhale sitiuona ndi maso uli ndi mphamvu yokankha zinthu, ndipo pofuna kupereka chitsanzo ndinajambula pabolodi munthu akutsika kuchokera m'ndege atalendewera ndi zingwe kunsi kwa chinsalu chooneka ngati ambulera, n'kulemba pansi pake kuti parachute. Mtsikana wina amene amakhala kumbuyo kwenikweni, yemwe kawirikawiri sayankhula m'kalasi, anaimika dzanja n'kundifunsa zinthu ziwiri. Choyamba, anafuna kudziwa chifukwa chimene ndikunenera kuti "parashuti" pamene pabolodi pali ch, yemwe ife timamuwerenga ngati m'mawu akuti chaka kapena chimanga. Chachiwiri, anafunsa ngati dzinali lili ndi tanthauzo, monga mmene dzina lakuti kadyansonga limadzifotokozera lokha. Ndinamuyankha kuti Chingerezi n'chotero basi, koma ndinaona pankhope pake kuti sanakhutire, ndipo inenso yankho langalo linandichititsa manyazi. Ndamulonjeza kuti Lolemba ndidzabwera ndi yankho lenileni. Chonde ndithandizeni, ndiponso mundiuze mmene tingalembere liwuli m'Chichewa.

Achimwene a ku Kawale

Zikomo aphunzitsi. Ine kuyambira ndili mwana ndakhala ndikukhulupirira kuti mbali yomalizayo ndi liwu lomwe lija la kushuta, limene timagwiritsa ntchito pa mpira ndi pa mfuti, chifukwa m'mafilimu a nkhondo amene tinkaonera ku vidiyo sho, otsika ndi chinthuchi nthawi zonse ankakhala asilikali okoleka mfuti pachifuwa. Katchulidwe kakenso kakuoneka kuti kakugwirizana ndi ganizo limeneli.

Bambo Phiri, mphunzitsi wa Chifalansa wopuma, Zomba

Mayi Nachisale, mwanayo mumusamale bwino, chifukwa mafunso ake awiriwo ali ndi muzu umodzi. Liwuli si la Chingerezi ayi. Angerezi analibwereka kwa Afalansa m'zaka za m'ma 1780, ndipo analitenga pamodzi ndi katchulidwe kake. M'Chifalansa cha masiku ano ch amamveka ngati sh wa mu shuga kapena shati, n'chifukwa chake Angerezi amatchulanso sh m'mawu ngati machine, chef ndi brochure, amene onse anachokera ku France. Koma mawu amene anawoloka nyanja kalekale, monga chair ndi chance, amatchulidwa ndi ch, popeza pa nthawi imeneyo Afalansa eni ake ankatchula chomwecho. Choncho khutu lokha lingakuuzeni kuti parachute ndi mlendo wofika mochedwa m'Chingerezi.

Achimwene a ku Kawale, pepani, m'liwuli mulibe mfuti. Chute m'Chifalansa ndi kugwa, ndipo ndi liwu la tsiku ndi tsiku: amaligwiritsa ntchito munthu akagwa pa njinga, boma likagwa, tsitsi likamathothoka, ngakhalenso ponena za mathithi, moti mathithi a Victoria iwo amati chutes Victoria. Gwero lake ndi mneni wa Chilatini wakuti cadere, kutanthauza kugwa. Mbali yoyamba ija, para, inachokera ku mneni wa Chitaliyana wakuti parare, kutanthauza kutchinga kapena kuteteza. Inu okonda mpira, goloboyi wa ku Italy akatchinga mpira woti ukanalowa muukonde, aulutsi amati wachita parata, ndipo ndi liwu lomweli. Mukaphatikiza mbali ziwirizo mupeza chinthu chotchinga kugwa, kapena choteteza munthu pakugwa.

Amene anapanga dzinali sanayambe kanthu kachilendo, chifukwa Chifalansa chinali kale ndi banja lonse la mawu opangidwa motere. Parasol ndi chotchinga dzuwa, parapluie ndi chotchinga mvula, paravent ndi chotchinga mphepo, parapet ndi kakhoma kofika pachifuwa kotchingira asilikali, ndipo paratonnerre ndi chitsulo chija chimazikidwa pa denga kuti nyumba isaombedwe ndi mphenzi. Parachute anangobadwa ngati chitsirizira m'banja limeneli.

Mayi Nabanda, Lilongwe

Bambo Phiri, mwafotokoza momveka bwino, koma pali pena pamene ndikupempha kuti mubwerepo. Ine ndinagwirapo ntchito ngati paralegal, ndipo pa maphunziro athu anatiuza kuti para ndi liwu la Chigiriki lotanthauza pambali, kuti ife ndife anthu ogwira ntchito pambali pa maloya. Ndinawerengaponso kwina kuti para wa mu parachute ndi wa Chigiriki yemweyo, ndipo akutanthauza kutsutsana ndi chinthu. Kodi apa olakwa ndani?

Bambo Phiri, Zomba

Mayi Nabanda, aphunzitsi anu sanalakwe pa za paralegal. Para wa Chigiriki alipodi, ndipo ndi amene ali mu parallel, paragraph, parasite ndi parable. N'zoonanso kuti mabuku ena amalemba kuti parachute ndi theka Chigiriki theka Chifalansa, chifukwa para wa Chigirikiyo nthawi zina amatanthauzadi kutsutsana, monga mu paradox. Koma ine ndimayang'ana abale ake a liwulo. Parasol inalowa m'Chifalansa kuchokera ku parasole wa Chitaliyana zaka zoposa 200 parachute asanatchulidwe, ndipo palibe amene amati parasol ndi Chigiriki. M'mawu onse a m'banja limeneli mbali yoyamba ndi mneni ndipo yachiwiri ndi dzina la chinthu chimene chikutchingidwa. Mu paralegal mulibe mneni, ndipo inu ntchito yanu sinali yotchinga malamulo. Awa ndi anthu awiri ofanana dzina koma osiyana mfunda.

Kuti zinthu zisokonezeke kwambiri, palinso para wachitatu, amene anabadwa kuchokera mu parachute mwini wakeyo. Pamene asilikali otsika kumwamba anachuluka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Angerezi anadula liwulo n'kupanga paratrooper, dzina la msilikali wotere, kenako kunadzabwera paraglider, chinsalu chooneka ngati phiko chimene munthu amauluka nacho. M'mawu amenewa para sakutanthauzanso kutchinga kapena pambali, wangokhala chidule cha parachute.

Mwana wa ku Ulónguè, Angónia

Ndikupereka moni kuchokera tsidya lino. Zimene akunena Bambo Phiri ife ophunzira m'Chipwitikizi timaziona poyera, chifukwa liwuli silibisa kanthu kwa ife. M'mabuku athu a sukulu tinkalemba pára-quedas, ndipo malembedwe atsopano amalumikiza kuti paraquedas. Queda ndi kugwa, ndipo mneni wakuti parar timaugwiritsa ntchito tsiku lililonse poimitsa galimoto pa msewu wa ku Tete. Mwana aliyense akamva pára-quedas amamva kuti choimitsa kugwa, monga mmene galasi la kutsogolo kwa galimoto timalitchulira pára-brisas, bampala pára-choques, ndipo chitsulo cha mphenzi chija pára-raios. Anthu a ku Spain amati paracaídas, ndipo a ku Italy amati paracadute. Onsewa anamasulira mbali yachiwiri m'chiyankhulo chawo n'kusiya yoyamba momwemo, chifukwa anaizindikira kuti ndi yawo. Akanakhala kuti anaiona ngati ya Chigiriki, ife sitikanaika kachizindikiro pamwamba pa a, kamene kankasonyeza kuti liwulo ndi mneni.

Bambo Mwale, Kasungu

Popeza za tanthauzo zalongosoka, ndiloleni ndinenepo za anthu ake, chifukwa chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti chinthuchi chinakhala pa pepala zaka pafupifupi 300 chilibe dzina. Cha m'ma 1485 Leonardo da Vinci anajambula munthu atalendewera pansi pa nsalu yomangidwa ngati denga la nsonga imodzi la mbali zinayi. Cha m'ma 1615, Fausto Veranzio anasindikiza ku Venice chithunzi cha munthu akutsika pa nsanja ndi nsalu ya ngodya zinayi, koma mawu amene analemba pa chithunzicho anali Homo volans, kutanthauza munthu wouluka. Maso ake anali pa munthuyo, ndipo chida chenichenicho sanachitche dzina.

Dzina linadza ndi Louis-Sébastien Lenormand wa ku Montpellier, kumwera kwa France, amene anabadwa mu 1757. Iyeyu anayamba ndi kudumpha mu mtengo atagwira maambulera a dzuwa awiri, ndipo mu Disembala 1783 anachita chionetsero mumzindawo, chimene mbiri yofala imati chinachitikira pa nsanja yoonera nyenyezi, ndi chida cha nsalu chokhala ndi mafupa a mtengo, chotambasuka mamita oposa anayi. Apa mukuona kuti munthu amene anayamba ndi parasol m'manja sanavutike kupeza dzina lakuti parachute. Chinanso choyenera kudziwa n'chakuti iye sankaganiza za ndege, chifukwa ndege zinali zisanabadwe n'komwe, ndipo anthu oyamba kuuluka ndi chibaluni cha abale a Montgolfier anali atangouluka mwezi wapitawo, pa 21 Novembala 1783. Cholinga chake chinali kupulumutsa anthu amene moto wawatsekereza m'nyumba zosanja. Mabuku ena otanthauzira mawu amapereka ulemu wa dzinali kwa Jean-Pierre Blanchard, katswiri wa zibaluni amene mu 1785 anaponya galu kuchokera m'mwamba ndi chida chotere, koma ambiri amati mwini dzina ndi Lenormand.

Woyamba kutsika kuchokera m'mwamba mwenimweni anali André-Jacques Garnerin, pa 22 Okotobala 1797, pa Parc Monceau mu Paris. Anakwera ndi chibaluni, n'kudula chingwe, n'kutsika ali mu dengu pansi pa nsalu ya silika yopanda mafupa. Dengulo linapendekera uku ndi uku mochititsa mantha, mpaka katswiri wa nyenyezi Jérôme Lalande analangiza kuti pamwamba pa nsalu paziboola bowo lotulukira mpweya. Patatha zaka ziwiri, mu 1799, Jeanne Geneviève Labrosse, amene anadzakhala mkazi wa Garnerin, anakhala mayi woyamba kutsika motere.

Sajeni wopuma, Salima

Ndawerenga zonse, ndipo ndikuthokoza chifukwa ndadumpha ndi chinthuchi zaka zambiri osadziwa kuti dzina lake likunena chiyani. Koma ndikufuna ndichenjeze aphunzitsi athu pa mfundo imodzi, kuti mwanayo asamve molakwika. Mukamuuza kuti ndi choimitsa kugwa, monga anenera achimwene a ku Angónia, aziganiza kuti munthu amaima m'malere. Kugwa umagwabe ndithu. Munthu wogwa chafufumimba chida chisanatseguke amafika liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola, ndipo chikatseguka liwirolo limatsika kufika pa mamita asanu kapena asanu ndi imodzi pa sekondi. Ndi chida chozungulira chimene asilikali amagwiritsa ntchito, pofika pansi thupi limamva ngati wadumpha kuchokera pa mpanda wa njerwa wotalika mita imodzi ndi theka. N'chifukwa chake usanakwere ndege umatha masiku ambiri ukuphunzira kugwa kokhakokha: mapazi pamodzi, mawondo opinda pang'ono, chibwano pachifuwa, zigongono mkati, kenako kugubuduka cham'mbali kuti ululu usagwere fupa limodzi. Amene amatambasula mwendo umodzi kuti apondere msanga ndi amene amabwerera ndi bondo lotupa.

Ndiye kwa ine tanthauzo loyenera ndi lija lakuti choteteza munthu pakugwa. Ndipo para wachitatu amene anena Bambo Phiri alipodi kuno, chifukwa gulu la asilikali la Parachute Battalion limene lili ku Senga Bay anthu ambiri amangolidula kuti Para. Mayi wogulitsa usipa akanena kuti mwana wake ali ku Para, sakudziwa kuti akuyankhula Chitaliyana chimene chadutsa m'Chifalansa ndi m'Chingerezi.

Telala wa ku Johannesburg

A Sajeni, mwanena zoona. Ine ndibweretse mbali ina imene ndaiona kuno. M'chiyankhulo cha Afrikaans amati valskerm, ndipo Ajeremani amati Fallschirm. Val ndi Fall ndi kugwa, pomwe skerm ndi Schirm ndi chotchingira, liwu lomwe Ajeremani amagwiritsanso ntchito pa ambulera. Amenewa sanabwereke liwu la Afalansa koma anamanga lawo ndi njerwa zawo, motsatira pulani yomweyo.

Poti ndine wa singano ndi ulusi, nkhani imene imandikhudza ndi ya telala mnzanga Franz Reichelt wa ku Paris, amene anasoka chovala choti chizitambasuka ngati parachute munthu akamagwa. Pa 4 Febuluwale 1912 anakwera pa nsanja ya Eiffel, pa malo oyamba opumira amene ali mamita pafupifupi 57 kuchokera pansi. Apolisi ankayembekeza kuti aponya chidole, koma iye anavala yekha chovalacho, n'kuima pa mpando kwa kanthawi akuzengereza, kenako n'kudumpha. Nsaluyo inamukulunga osatambasuka ndipo anafera pomwepo, makamera akujambula. Dzina lakuti choteteza pakugwa silinamuthandize, chifukwa nsalu inali yochepa ndipo mtunda unali waufupi woti mpweya sukanailowa bwino. Chodabwitsa n'chakuti patangotha milungu yosakwana inayi, pa 1 Malichi 1912, Albert Berry anadumpha m'ndege ku Missouri n'kufika pansi ali bwinobwino.

Za nsalu, kale inali silika, amene amachokera ku mbozi. N'chifukwa chake Leslie Irvin, wopanga zidazi ku America, mu 1922 anayambitsa gulu lotchedwa Caterpillar Club la anthu amene moyo wawo unapulumuka ndi parachute, ndipo aliyense ankalandira kabaji kagolide kooneka ngati mbozi. Ife mbozi zina timazikazinga ndi mchere, koma anzathuwo ankazibaya pa jekete. Nkhondo itatseka njira ya silika wa ku Japan anasamukira ku nayiloni, ndipo woyamba kuyesa ya nayiloni anali mayi, Adeline Gray, pa 6 Juni 1942.

Bambo Mwale, chithunzi cha Leonardo chija chinayesedwa kuno ku South Africa. Mu Juni 2000, Mngerezi wina dzina lake Adrian Nicholas anachimanga ndi chinsalu chokhuthala, mitengo ndi zingwe, n'kutsika nacho kuchokera pa chibaluni ku Mpumalanga, mamita 3,000 m'mwamba. Chinatsika bwino ndithu, koma atatsala mamita pafupifupi 600 anachisiya n'kutsegula chamakono, poopa kuti chimuphwanya pofika pansi, popeza chinkalemera makilogalamu oposa 80.

Mayi wa geni, Karonga

Ine ndimapita ku Tanzania kukaoda katundu, ndipo kumeneko ambulera amati mwavuli. Asilikali otsika m'ndege amawatchula kuti askari wa miavuli, kutanthauza asilikali a maambulera, ngakhale liwu lakuti parachuti limamvekanso. Ndiye zikuoneka kuti kulikonse kumene chinthuchi chafika, anthu akachiyang'ana amaona ambulera.

Mkonzi wa mabuku, Blantyre

Tsopano tafika pa gawo langa. Mayi Nachisale, mwana wanuyo potchula kadyansonga anali atayankha kale funso lake, kungoti sanadziwe. Mmene Afalansa anamangira parachute ndi mmenenso ife timamangira mayina athu ambiri: mneni patsogolo, dzina pambuyo. Mtolankhani ndi wotola nkhani, mpalamatabwa ndi wopala matabwa, mtanthauziramawu ndi buku lotanthauzira mawu, mpondamatiki ndi woponda ndalama, kadyansonga ndi nyama yodya nsonga za mitengo. Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi chiphadzuwa, chifukwa chili pafupi kwambiri ndi parasol: Mtaliyana anaona dzuwa n'kupanga chotchinga dzuwa, pamene Mchewa anaona namwali wokongola n'kunena kuti ameneyu akupha dzuwa. Ana akaona zitsanzo zimenezi pabolodi adzamvetsa kuti parachute ndi mawu awiri omatidwa, monga mmene tola ndi nkhani zinamatidwira.

Potsatira njira imeneyi, kumasulira liwu ndi liwu kungatipatse mtchingakugwa, kapena chitetezakugwa. Ine m'buku la ana ndikhoza kuika limodzi mwa awiriwa ngati kufotokozera, koma sindingalikakamize kuti likhale dzina. Tinayesapo kupanga mayina ambiri a zinthu zachilendo pa mipando ya m'maofesi, ndipo ambiri anafera m'mabuku momwemo, pamene mawu ngati wayilesi, foni ndi kompyuta akuyenda okha mumsewu.

Pa za kalembedwe pali mfundo ziwiri. Yoyamba ndi ya l ndi r. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa amati r amabwera pambuyo pa i kapena e, pomwe pambuyo pa a, o ndi u timalemba l. N'chifukwa chake carta wa Apwitikizi anasanduka kalata, ndipo gari moto wa Aswahili anasanduka galimoto. Choncho para ayenera kukhala pala. Yachiwiri ndi ya ch ndi sh, ndipo apa ine ndili ku mbali ya khutu. Mawu obwereka timawalemba monga tikuwamvera, osati monga eni ake amawalembera, apo ayi bwenzi tikulemba zachilendo m'malo mwa shuga ndi buledi. Ndiye ine ndingalembe palashuti, zambiri mapalashuti.

Bambo Tembo, Chipata

A Mkonzi, ndikugwirizana nanu pa l, koma pa sh ndili ndi chikaiko. Anthu ambiri amene ndawamva, kuno ndi ku Mchinji komwe, amati palachuti, chifukwa liwuli analiona m'buku asanalimve pakamwa pa mwini wake. Aswahili nawonso amalemba parachuti, monga atiuzira mayi a ku Karonga. Ngati lamulo lanu ndi lakuti tizilemba zimene khutu likumva, kodi tizitsatira khutu la mphunzitsi wodziwa Chingerezi, kapena la anthu a kumudzi? Ndiye kuno ku Zambia palinso vuto lina, chifukwa ch wanuyo ife timamulemba c yekha, monga mu Cinyanja ndi cimanga, moti palachuti wanu kwa ife akhala palacuti, ndipo Mfalansa ataliona sangalizindikire kuti ndi mdzukulu wake.

Mkonzi wa mabuku, Blantyre

Bambo Tembo, funso lanu ndi la nzeru, ndipo sindilipeputsa. Liwu likakhazikika pakamwa pa anthu, mkonzi alibe mphamvu yolibweza, ngakhale litachokera pa kuwerenga molakwika. Kusiyana kwake n'kwakuti liwu ili silinakhazikike, chifukwa si chinthu chimene timachitchula tsiku ndi tsiku ngati sopo kapena machesi. Amene amachigwiritsa ntchito, monga a Sajeni, amatchula sh, ndipo mwana wa Mayi Nachisale mawa akakalemba mayeso a Chingerezi adzafunika kudziwa kuti ndi sh. Pamene mawu awiri akupikisana ndipo palibe limene lapambana, ine ndimasankha limene silidzasokoneza mwana pa chiyankhulo chachiwiri. Koma wolemba palachuti sindingamuchonge ndi cholembera chofiira.

Sajeni wopuma, Salima

Ife timatchuladi sh. Koma mtchingakugwa ameneyo, a Mkonzi, musamubweretse kuno, chifukwa ndanena kale kuti kugwa sikutchingika. Mukafuna dzina lonena zoona ndiye mwina mchepetsaliwiro, kungoti anthu aziganiza kuti mukunena zitunda za pa msewu zija zimavutitsa madalaivala a minibasi.

Achimwene a ku Kawale

Ndavomera kuti za mfuti zija ndinaphonya, ndipo ndathokoza Bambo Phiri pondiwongola mwaulemu. Koma nkhani ya Lenormand yandikumbutsa kuti inenso ndinachita zomwezo ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, kwathu ku Dowa. Ndinatenga ambulera yakuda ya agogo aamuna, imene ankapita nayo ku tchalitchi kokha, n'kukwera nayo pa denga la khola la mbuzi, anzanga atandizungulira pansi. Nditadumpha, ambulera inatembenuka nthawi yomweyo, nthiti zake ziwiri n'kuthyoka, ine n'kugwera m'ndowe chagada chigwiriro chili m'manja. Chimene chinandipweteka kwambiri si kugwako koma zimene zinachitika madzulo agogo atabwera.

Pambuyo pake tinaphunzira kupanga tating'ono. Tinkadula jumbo kukhala yozungulira ngati mbale, n'kusolola ulusi ku thumba la feteleza, n'kumanga zingwe zisanu ndi zitatu zofanana m'mphepete, ndipo kunsi tinkamangirira kamwala kapena chitsononkho. Ukakapinda bwino n'kukaponya m'mwamba, kankatseguka n'kumatsika kakugwedezeka uku ndi uku ngati woledzera. Mnzathu wina anaotcha kabowo pakati ndi khala la moto mwangozi, ndipo kake n'kamene kanayamba kutsika mowongoka. Lero ndi pamene ndadziwa kuti mnzathuyo anatulukira zimene Lalande anauza Garnerin. Aphunzitsi, Lolemba mutenge majumbo awiri, imodzi yoboola ina yosaboola, ana akaone okha.

Mayi Nabanda, Lilongwe

Bambo Phiri, ndakhutira ndi za mfunda zija. Ndingowonjezera kuti liwuli linapitirira ulendo wake mpaka kukafika kumene kulibe ndege. Amene mumatsatira mpira wa ku England mukudziwa kuti timu ikatuluka mu Premier League imalandirabe ndalama kwa zaka zingapo, mpaka zitatu, ndipo ndalamazo zimatchedwa parachute payments. Tanthauzo lake ndi lomwe lija anena a Sajeni: kutuluka mu ligi timuyo yatuluka ndithu, koma ndalamazo ndi zoti isafike pansi mophwanyika. Mabwana a makampani akuluakulu akamachotsedwa ntchito n'kupatsidwa chuma chochuluka, Angerezi amati alandira parachute yagolide.

Bambo Phiri, Zomba

Eni ake a liwuli alinso ndi kagwiritsidwe kena kamene kangatisangalatse ife a kuno. M'ndale za ku France, chipani chikatenga munthu wa ku Paris n'kukamuimika pa chisankho m'dera limene sanakhaleko, anthu amati munthuyo ndi parachuté, ndipo mchitidwewo amautcha parachutage. Apa tanthauzo la kutchinga latayika, latsala la munthu wongogwa kuchokera kumwamba amene sadziwa ngakhale njira ya ku chitsime. Ndikukhulupirira kuti aliyense pa gulu lino anaonapo munthu wotere chaka cha chisankho.

Mayi Nachisale, mphunzitsi, Ntcheu

Ndabweranso kudzapereka lipoti. Lero ndinalemba pabolodi parachute, n'kulidula pakati ndi choko, pansi pake n'kulemba tola ndi nkhani, kenako kadya ndi nsonga. Ana anagwira msanga kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo anayamba okha kutchula mayina ena omatidwa, ena mwa iwo oti sindingawalembe pano. M'makope mwawo talemba palashuti, n'kufotokoza kuti ndi nsalu yoteteza munthu pakugwa kuchokera m'mwamba, motsatira chenjezo la a Sajeni. Majumbo tinaponyadi titaima pa chulu cha kuseri kwa kalasi, ndipo yoboola ija inatsika mowongoka pamene inayo inakakodwa mu mtengo wa mango.

Mtsikana uja anamvetsera zonse ali chete. Nditanena zoti Aswahili ndi Ajeremani amachiona ngati ambulera, anaimikanso dzanja n'kufunsa kuti nanga liwu lakuti ambulera likutanthauza chiyani. Bambo Phiri, ndabweranso kwa inu.

Bambo Phiri, Zomba

Mukamuuze kuti ifeyo tinalitenga ku umbrella wa Chingerezi, Angerezi analitenga ku ombrello wa Chitaliyana, ndipo muzu wake ndi umbra, liwu la Chilatini lotanthauza mthunzi. Ambulera ndi kamthunzi kakang'ono, ndipo poyamba inali ya dzuwa, osati ya mvula. Akafunsanso za ndege, mumuuze kuti limenelo ndi la Chiswahili, ndipo kwawoko limatanthauza mbalame.